Galimoto ya olumala yatitopetsa: kodi tiibweze nthawi isanakwane?

Okondedwa Azakhali,

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimakhala ku Leeds ndi amuna anga, amene anadwala sitiroko, ndipo kuyambira pamenepo mwendo ndi mkono wa kumanzere sizigwira bwino ntchito. Boma la kuno limawapatsa ndalama ya PIP yothandizira kayendedwe, ndipo chaka chatha ndalamayo tinailozetsa ku Motability, n'kuwonjezerapo ina yoyambira ya m'thumba mwathu, kuti titenge galimoto yatsopano kwa zaka 3. Chimwemwe chathu sichinakhalitse. Galimotoyo imazima yokha pamsewu, nyali zochenjeza zimangoyaka, ndipo ku galaji yapitako kangapo, koma ikabwerako vuto limakhala lomwelo. Tsiku lina inatizimira tikupita kuchipatala, mvula ikugwa, mpaka nthawi yoonana ndi dokotala inatidutsa. Ine ndikufuna tiibweze, koma abambo akukana. Akuti tili m'dziko la eni, chopatsidwa sachinyoza, ndipo tikadandaula angatilande ndi PIP yomwe. Mnzanga wina akuti ndingokaisiya ku galaji pamodzi ndi makiyi ake. Ndichitenji?

Mayi wothedwa nzeru, Leeds

Mayi wokondedwa,

Kalata yanu ndaiwerenga ndi mtima wachisoni, pakuti kwa munthu amene miyendo yake yafooka galimoto ndiyo miyendo yake, ndipo ikaima pakati pa msewu mvula ili mkati, manyazi ndi mantha amene amamugwira sangawadziwe iye amene amatha kutsika n'kuyamba wapansi.

Ndiyambe ndi mawu a abambo, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Iwo alankhula monga tinaleredwera tonsefe, kuti mlendo sakweza mawu pakhomo pa eni, ndipo ulemu wotere suyenera kusekedwa. Koma muwauze mofatsa, pa nthawi imene mitima ili pansi, kuti galimotoyo sanapatsidwe mwaulere. Motability inakhazikitsidwa m'chaka cha 1977 kuti anthu aulumali azisinthanitsa ndalama yawo ya kayendedwe ndi galimoto, ndipo masabata 4 alionse a DWP, nthambi ya boma yopereka PIP, amatenga ndalama imene ikanalowa m'buku la abambo n'kuitumiza kwa a Motability Operations, amene ndiwo eni galimotoyo. Imeneyo ndi lendi, yolipirira galimoto pamodzi ndi inshuwalansi, matayala, kukonzetsa ndi thandizo la RAC galimoto ikafa pamsewu. Tsono wolipira lendi mokhulupirika chotere ali ndi ufulu wonse wonena kuti chimene walandira sichikufanana ndi pangano. Za PIP musade nazo nkhawa, popeza imaperekedwa poyang'ana matenda a munthu ndi kuvutika kwake poyenda, ndipo dandaulo la galimoto silingaikhudze. Pangano likatha, gawo limene linkapita ku galimoto limabwerera kwa mwini wake.

Uphungu wa mnzanuyo musautsate, ngakhale wachokera mu mtima wabwino. A galaji si eni galimoto, ndiye kuwaponyera makiyi sikuthetsa pangano. Ndalama idzapitirira kutuluka, inu muli wapansi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumene ndikunena pano ndiko kusonkhanitsa umboni musanatsegule pakamwa. Lembani m'kabuku tsiku lililonse limene galimoto inazima, malo ake ndi zimene zinachitika. Pemphani a galaji akupatseni mapepala a ntchito imene anagwira ulendo uliwonse. Sungani malipoti a RAC, malisiti a takisi, ndi kalata ya chipatala ya tsiku lija munalephera kufika. Nyali zikayakanso, muzijambule pafoni. Mlandu wa m'kamwa mokha umafooka msanga m'maofesi a ku Britain, koma wa papepala umayenda wokha kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina.

Mukatero, imbirani a Motability Operations, abambo ali pambali panu, pakuti dzina la pa pangano ndi lawo ndipo ayenera kuvomereza kuti inu muwalankhulire. Kenaka mawu omwewo muwalembe m'kalata kapena pa imelo, mutchule poyera kuti ili ndi dandaulo lofuna yankho lolembedwa. Pemphani galimoto yogwirizira imene abambo angathe kukwera ndi kutsika mosavutika, pemphani kuti pangano lithe chifukwa cha kuwonongeka kwa galimoto, ndiponso kuti akubwezereni gawo la ndalama yoyambira ija molingana ndi miyezi yotsala. Dziwani kuti wothetsa pangano nthawi isanakwane atha kulipitsidwa ndalama yofika £250. Koma popeza inu simukuibweza chifukwa chotopa nayo kapena kusirira ina, nenani mosajejema kuti chindapusa chimenecho sichikuyenerani. Mufunsenso, makiyi asanachoke m'manja mwanu, kuti galimoto ina mudzailandira liti ndipo pakati apo mudzayenda bwanji, chifukwa yatsopano nthawi zina imachedwa kufika.

Lamulo nalonso lili kumbali yanu. Consumer Rights Act ya 2015 imateteza wobwereka katundu monga momwe imatetezera wogula: masiku 30 oyamba, amene munthu amabweza katundu wolakwika mosavuta, anakudutsani kale, komabe lamulo lomwelo limati ngati anayesa kukonza ndipo vuto silinathe, muli ndi ufulu wokana katunduyo kapena wopempha kuti mtengo utsike. Eni galimoto ali ndi masabata 8 oti akupatseni yankho lomaliza, ndipo likapanda kubwera, kapena likabwera losakukhutiritsani, nkhani mutha kuitengera kwa Financial Ombudsman Service, amene amaweruza kwaulere, bola musapitirire miyezi 6 chilandirireni yankholo. Safunsa anadya phula. A Citizens Advice alipo mu Leeds momwemo, ndipo angakuthandizeni kulemba kalatayo popanda kulipira.

Chimodzi chimene sindingachinene mozungulira ndi ichi: galimoto imene imazima yokha ikuyenda ndi ngozi ya imfa, makamaka pamene mwanyamula munthu amene sangatuluke msanga n'kuthawira kumbali kwa msewu waukulu. Musaiyendetsenso kufikira amakaniko atalemba kuti ili bwino, ndipo mawu amenewa akhale oyamba pafoni yanu.

Za abambo, musawakankhire kumbuyo pa nkhaniyi. Mwamuna amene dzulo ankadzidalira, lero nayenda mogwirizidwa, amaopa kuoneka wovutitsa kuposa mmene amaopera mvula, ndipo kukana kwawoko mwina kwachokera pamenepo. Apatseni kabuku kaja kuti akhale ndiwo osunga masiku, kalatayo muiwerengere limodzi, siginecha ikhale yawo, kuti aone kuti akadali mutu wa nkhani za pakhomo pawo. Imbani foniyo sabata lomwe lino, mayi, ndipo mudzandilemberenso kundiuza mmene mwayendera.

Ndine wanu,
Azakhali