Foldscope: Maikulosikopu ya Pepala Yoti Wophunzira Aliyense Aigwire Yekha

Mphunzitsi wa sayansi atha kujambula selo ya anyezi pabolodi mwaluso, ana n'kukopera, n'kuloweza, mpaka kukhoza mayeso, chonsecho selo yeniyeniyo sanaionepo. M'sukulu zambiri za sekondale zoyendera labotale mulibe, ndipo kumene kuli maikulosikopu imodzi, imakhalira yokiyiridwa m'kabati kuopa kuti ingawonongeke. Zikatero mwana amazolowera kuti sayansi ndi mawu a aphunzitsi oyenera kungowavomera. Kapepala aka kakufotokoza za chida chotchedwa Foldscope, ndipo mfundo yake ndi imodzi: mwana amene wadzikonzera yekha chinthu choti aone, n'kuchiona, n'kuchijambula, ndiye waphunzira sayansi, ndipo chida chotsika mtengo chofikira manja ambiri chimathandiza kuposa chida chodula chimene aliyense akuopa kuchikhudza.

Chidachi n'chotani?

Foldscope inapangidwa ndi Manu Prakash ndi Jim Cybulski pa yunivesite ya Stanford ku America, ndipo anafalitsa kapangidwe kake m'chaka cha 2014. Imabwera ngati pepala lolimba, losanyowa ndi madzi, lodindidwa zidutswa zoti muchotse n'kuzipinda potsata mitundu yake. Pakati pake pamakhala kagalasi kobulungira kochepa kwambiri, kamene kamakuza chinthu ka 140. Kamatha kusiyanitsa tinthu totalikirana ndi mamaikiloni awiri, ndipo maikiloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Apa ndiye kuti maselo a zomera, mungu wa maluwa, ndere ndi tizilombo tosambira m'madzi a pachithaphwi zonse zimaoneka. Opangawo anawerengera kuti zipangizo zopangira Foldscope imodzi sizifika dola imodzi, ngakhale kuti mtengo wogulira umakwererapo chifukwa cha kulongedza ndi kutumiza. Kuona ndi kagalasi kamodzi si nzeru yachilendo. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, m'dziko la Netherlands, anaona tizilombo tamoyo m'madzi a panyanja ina m'chaka cha 1674 pogwiritsa ntchito chida cha kagalasi kamodzi chokwana m'dzanja.

Kagwiritsidwe ntchito kake

Yambani ndi anyezi. Sendani kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa chikamba chake, kayaleni pa silaidi popanda makwinya, donthezanipo ayodini pang'ono, kenaka phimbani ndi selotepu yoonekera. Lowetsani silaidiyo m'kathumba ka Foldscope, igwireni ndi manja awiri, muifikitse pafupi ndi diso mutayang'ana kumene kukuchokera kuwala, monga pawindo. Musailozetse kudzuwa, chifukwa mungavulaze diso. Zala zazikulu ndizo zimayendetsa kagalasi uku ndi uku, komanso kukasendeza pafupi kapena patali mpaka chithunzi chitaoneka bwino. Poyamba ana ambiri amangoona chimbuuzi n'kufuna kusiya. Alimbikitseni, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Akangopeza poyenera, maselo amaonekera atandandalikana m'mizere, selo iliyonse ndi malire ake ndi kadontho kodera m'kati. Ngati pali foni, timaginito tobwera ndi chidachi timalumikiza kamera ndi kagalasi, ndipo gulu lonse limaonera limodzi chimene mmodzi wapeza.

Phunziro liyambe ndi funso

Chida pachokha sichiphunzitsa. Mwana akangouzidwa kuti asuzumire, amadabwa kwa mphindi ziwiri basi n'kuiwala. Yambani ndi funso limene yankho lake simunawauze, monga lakuti: kodi timabowo topumira ta tsamba timachuluka kumtunda kapena kunsi? Aliyense alembe ganizo lake ndi chifukwa chake asanaone kanthu. Kenaka apake kyutekisi yoonekera mbali zonse ziwiri za tsamba la nyemba, ikauma aimatule ndi selotepu, aike pa silaidi, awerenge timabowo. Gulu lina lichite chimodzimodzi ndi tsamba la chimanga. Pa nyemba adzapeza timabowo tambiri kunsi, pamene pa chimanga tilipo tambiri mbali zonse, ndipo mtsutso wa chifukwa chake ndiwo phunziro lenileni. Aliyense ajambule ndi pensulo zimene waona asanatenge chithunzi ndi foni, chifukwa kujambula kumakakamiza diso kuyang'anitsitsa. Wojambula zimene zili m'buku osati zimene zili pa silaidi abwererenso kukaona.

Zimene ena amadandaula

Ena amati ichi n'chidole chabe, sichingafanane ndi maikulosikopu yeniyeni. N'zoona kuti sichifanana nayo. Malo oonekera ndi ochepa, m'mbali mwa chithunzi simuoneka bwino, ndipo wophunzira wokonzekera mayeso a MSCE afunikabe kudziwa ziwalo za maikulosikopu ya mu labotale. Koma luso lovuta kwambiri ndi kucheka chinthu mopyapyala, kukonza silaidi, kupeza kuwala ndi kujambula molondola, ndipo zonsezi mwana amazizolowera pa Foldscope. Tsiku limene adzakhale pa maikulosikopu yaikulu sadzakhala mlendo. Ena amati sukulu zambiri sizilola mafoni ndipo magetsi kulibe. Foldscope sifuna foni kapena magetsi kuti igwire ntchito. Kuwala kwa masana n'kokwanira, ndipo foni ya aphunzitsi yokha ikhoza kusunga zithunzi za kalasi yonse. Enanso amati ana ndi ochuluka, nthawi n'njochepa. Kalasi ya ana 80 ikakhala ndi Foldscope 20, ana anayi amagawana imodzi, pamene pa maikulosikopu imodzi belu limalira theka la mzere lisanasuzumire n'komwe.

Pali malire amodzi oyenera kuwalemekeza. Chidachi si choyezera matenda pasukulu. Kafukufuku amene anachitika ku Ghana n'kufalitsidwa mu 2015 anaonetsa kuti Foldscope yolumikizidwa ku foni inkangopeza likodzo mwa anthu opitirira pang'ono theka la amene analidi nalo. Choncho musalole ana kuyeza magazi, mkodzo kapena chimbudzi, ndipo wodwala apite kuchipatala. Akagwira madzi a pachithaphwi asambe m'manja ndi sopo.

Poyambira

Aphunzitsi ayambe apinda okha chida chimodzi, ayeserere ndi anyezi ndi tsamba mpaka manja atazolowera, asanaime pamaso pa ana. Sukulu zoyandikana zikhoza kuitanitsa pamodzi kuti mtengo wotumizira uchepe, n'kumabwerekana. Lembani manambala pa zidazo, muzisunge m'maenvulopu pamalo ouma, ndipo gulu lililonse likhale ndi woyang'anira wake. Zoti muone n'zambiri pakhomo pomwepo: mungu wa dzungu, nkhungu ya pa nsima yogona, phiko la ntchentche, ulusi wa thonje. Izi zikugwirizana ndi mwambo wa TALULAR wophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu. Sankhani mutu umodzi wa mu silabasi teremu ino, muuphunzitse motere, ndipo pomaliza muyerekeze zojambula ndi mayankho a anawo ndi za chaka chatha. Umboni umenewo ndi umene mukapite nawo kwa ahedi ndi komiti ya makolo pokapempha zida zowonjezera.