Njira za m'Mapiri a ku Zermatt

Pakati pa maiko a ku Ulaya pali dziko laling'ono lotchedwa Switzerland. Kukula kwake sikufika ndi theka lomwe la dziko la Malaŵi, ndipo mbali yake yaikulu ndi mapiri aataliatali otchedwa Alps. Chakum'mwera kwa dzikoli, kufupi ndi malire a Italy, kuli chigwa chachitali ndi chopapatiza. Kumathero kwa chigwacho kuli mudzi wa Zermatt, umene anthu ake amalankhula Chijeremani.

Mudziwu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mapiri auzinga mbali zonse. Phiri lotchuka koposa onse ndi Matterhorn, limene linaima palokha, losongoka ngati nyanga. Kutalika kwake ndi mamita 4,478. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, choncho Matterhorn amaiposa ndi mamita pafupifupi 1,500.

Alendo saloledwa kuloŵa ndi galimoto zawo m'mudzimu. Amazisiya pa mudzi wa Täsch, mtunda wa makilomita 5, nakwera sitima ya pamtunda. Njanjiyi inafika ku Zermatt m'chaka cha 1891. M'mudzimo katundu amanyamulidwa pa tigalimoto toyendera magetsi ndi pa ngolo za akavalo, koma anthu ambiri amangoyenda pansi. Woyenda m'tinjira ta mudzi wakale amaona nkhokwe za matabwa zimene zada bii ndi dzuŵa. Nkhokwezi zili pa nsanamira, ndipo pamwamba pa nsanamira iliyonse anaikapo mwala waphanthi, wozungulira ngati lichero. Mbeŵa ikakwera nsanamirayo imakagunda pa mwalawo nkulephera kupitirira.

Njira zambiri zozungulira mudziwu nzakalekale. Abusa ndiwo anazilambula ndi mapazi awo popita ndi ziŵeto ku msipu wa kumapiri. Amalonda nawonso ankadutsa pa mpata wa Theodul popita ku Italy. Masiku ano njirazi zimadzaza ndi alendo ochokera kumaiko akutali. Nyengo yabwino yoyenda ndi kuyambira mwezi wa Juni mpaka Seputembala, pakuti pamene ku Malaŵi kukuzizira, kumeneko kumakhala kukutentha. Miyezi ina njira za pamwamba zimakwiririka ndi chipale chofeŵa.

Mlendo wosadziŵa dera angasokere msanga m'mapiri otereŵa. Nchifukwa chake pa mphambano iliyonse pali chikwangwani cha mtundu wachikasu choloza kumene njira ikupita. Chodabwitsa nchakuti pa chikwangwanicho salembapo makilomita. Amalembapo maola ndi mphindi zimene munthu angayende kuti akafike. Anachita mwanzeru, pakuti kilomita imodzi ya pachidikha ndi yosiyana kutalitali ndi kilomita imodzi ya chitunda chokhachokha.

Kuwonjezera pa zikwangwani, njira zili ndi zizindikiro za utoto pa miyala ndi pa mitengo. Zizindikirozi nzofanana m'dziko lonse la Switzerland. Utoto wachikasu umasonyeza njira yosavuta, imene ngakhale ana ndi okalamba angayendemo. Mzere wofiira wokhala pakati pa mizere iŵiri yoyera umasonyeza njira ya kuphiri, yopapatiza ndi yamiyala, yofuna nsapato zolimba ndi munthu wosachita chizungulire. Mzere wabuluu wokhala pakati pa mizere iŵiri yoyera ndi chenjezo lalikulu. Njira yotere imadutsa m'matanthwe ndi m'mphepete mwa maphompho, mwina pa madzi oundana, ndipo pena munthu amakwera mogwirira ndi manja. Nkhungu ikatsika mwadzidzidzi, woyenda saonanso mudzi kapena phiri. Chimene amatsala nacho ndi kamzere ka utoto kali pa mwala wapatsogolo pake, ndipo akakafika amafunafuna kena.

Njira imene mabanja amaikonda ndi ya Tinyanja Tisanu. Anthu amayamba akwera sitima yodzera m'kati mwa phiri mpaka pa malo otchedwa Sunnegga. Kuchokera apo amakwera tingolo tolenjekeka pa chingwe chachitsulo mpaka pa Blauherd, ndipo ulendo wapansi umayambira pamenepo. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 10, ndipo mbali yaikulu ndi yotsetsereka. Kanyanja koyamba ndi Stellisee. M'mamaŵa, mphepo isanayambe, madzi ake amakhala bata, ndipo chithunzi cha Matterhorn chimaoneka m'madzimo chitazondoka. Pamalo ameneŵa palibe mitengo chifukwa cha kuzizira. Pali udzu waufupi ndi timaluŵa tambirimbiri. Potsikira ku Grindjisee mitengo imayamba kuoneka. Kenaka amafika ku Grünsee, ndi ku Moosjisee kumene madzi ake ndi otuŵa chifukwa cha fumbi la miyala lochokera ku madzi oundana. Kotsiriza ndi Leisee, kumene ana amasambira.

Woyenda mwakachetechete m'njirayi amamva mluzu wakuthwa wochokera m'miyala. Woimba mluzuyo si munthu ai. Ndi kanyama kofanana ndi mbira kotchedwa marmot. Kamodzi kakaona mdani kamachenjeza tinzake, ndipo tonse timathaŵira kuuna. Nyengo yachisanu ikafika timagona kuunako miyezi ingapo osatuluka. M'mapirimu mulinso nkhosa za ubweya wambiri woyera, koma mphuno, makutu ndi maondo nzakuda.

Njira ina, yolimba kuposa imeneyi, imayambira pa kanyanja ka Schwarzsee nikwera kufikira patsinde penipeni pa Matterhorn. M'malo ena oopsa anamangamo masitepe achitsulo ndi zingwe zogwirira. Pakutha pa maola aŵiri munthu amafika pa nyumba ya alendo yotchedwa Hörnli, imene ili pa mamita 3,260. Apa mpweya ndi wochepa, kotero kuti munthu amapuma ŵefuŵefu ngakhale akuyenda pang'onopang'ono. Oyenda wamba amathera pomwepa. Opitirira ndi akatswiri okhaokha, ndipo ambiri amalemba ganyu munthu wodziŵa phirilo kuti aŵatsogolere. Amagona m'nyumbayo nanyamuka kusanache, atamangana chingwe m'chiuno.

Mbiri ya phirili ndiyo imasonyeza chifukwa chake amasamala chotere. Kwa zaka zambiri anthu ankati Matterhorn ndi phiri losakwereka. Mnyamata wina wa ku England, dzina lake Edward Whymper, anayesa kangapo konse koma ankalephera. Pa 13 Julaye 1865 iye ananyamuka ku Zermatt ndi anzake, nagona m'hema m'mbali mwa phirilo. M'maŵa mwake, pa 14 Julaye, anthu asanu ndi aŵiri anafika pansonga dzuŵa litangopendeka. Iwo ndiwo anali oyamba kupondapo.

Chimwemwe chawo sichinakhalitse. Potsika onse anali atamangana zingwe, wina patsogolo wina pambuyo. Mmodzi mwa iwo, Douglas Hadow, anali ndi zaka 19 zokha ndipo anali asanazoloŵere mapiri otere. Iye anaterereka nagunda Michel Croz, mtsogoleri amene anali patsogolo pake. Aŵiriŵa pogwa anakoka Charles Hudson ndi Lord Francis Douglas. Whymper ndi atsogoleri aŵiri a ku Zermatt, bambo ndi mwana wake, onse otchedwa Peter Taugwalder, anagwiritsa miyala ndi mphamvu zawo zonse. Chingwe chinakungika, kenaka nkuduka. Anthu anayi aja anagwera kuphompho nafa. Mitembo itatu inapezeka niikidwa ku Zermatt, koma wa Lord Francis Douglas sunapezeke mpaka lero. Chingwe chodukacho chikusungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale m'mudzimo, ndipo ochiona amadabwa ndi kuwonda kwake. Chiyambire chaka chimenecho anthu oposa 500 afera pa phirili.

Njira za m'mapiri sizidzisamala zokha. Chipale chikasungunuka, antchito amayendera njirazo. Amachotsa miyala ndi mitengo yogwa, amakonza milatho, napakanso utoto pa zizindikiro zimene zafufutika. Ntchitoyi ikunka nikula chifukwa dziko likutentha kuposa kale. Mitsinje ya madzi oundana, monga wa Gorner, ikuchepa, ndipo miyala imene inali yogwirana ndi chisanu ikumasuka nkumagubudukira m'njira.

Zotere zinachitika pa njira yaitali yotchedwa Europaweg, imene imalumikiza mudzi wa Grächen ndi Zermatt, ulendo wa masiku aŵiri. Pamwamba pa mudzi wa Randa miyala yogumuka inaononga mlatho, ndipo oyenda ankayenera kutsikira kuchigwa ndi kukweranso tsidya linalo. M'chaka cha 2017 anatsegula mlatho watsopano wolenjekeka pa zingwe zachitsulo, wotchedwa Charles Kuonen. Kutalika kwake ndi mamita 494, ndipo pakati pake pali mamita 85 kuchokera pansi. Ndi wopapatiza kwambiri, kotero kuti anthu amaoloka mondondozana, ndipo woyang'ana kumapazi amaona nsonga za mitengo kudzera m'mipata ya zitsulo.

Mafunso

1. Nchifukwa chiyani mbeŵa zimalephera kuloŵa m'nkhokwe za ku Zermatt?
2. Kodi pa zikwangwani za m'njira amalembapo chiyani m'malo mwa makilomita? Fotokozani chifukwa chake.
3. Mlendo ali ndi ana aang'ono aŵiri ndipo waona mzere wabuluu pa mwala. Kodi mungamulangize zotani?
4. Fotokozani m'mawu anuanu zimene zinachitika pa 14 Julaye 1865.
5. Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: mphambano, phompho, mondondozana, kuzondoka.
6. Jambulani mapu a njira yochokera kwanu kukafika kusukulu, ndipo muonetsepo malo ofunika kusamala.