PHUNZIRO 17: CHITHUNZI CHA MNZAKO

Kuwerenga: Genesis 9:20-23

Cholinga: Ana adziwe kuti chithunzi cha munthu ndi cha mwini wake, ngakhale chili m'foni ya wina.

Kwa Mphunzitsi

Nkhani ya Nowa muifotokoze mwachidule, musachedwe pa za vinyo. Mtima wa phunziro uli pa ana ake. Hamu ataona atate ake ali pa manyazi anathamangira kukauza abale ake. Semu ndi Yafeti anapita chafutambuyo ndi nsalu, nawafunditsa osayang'ana. Funsani ana: Hamu akadakhala ndi foni, akadachita chiyani?

Ana a ku Chirimba ayankha msanga, pakuti mafoni amawadziwa kuposa ife. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chithunzi chikachoka m'foni sichibwereranso. Mungachifufute pa WhatsApp kapena pa Facebook, koma amene anachisunga kale ali nachobe, ndipo mawa chili ku Ndirande, mkuja ku Johannesburg. Ngakhale chija chotumizidwa kuti chioneke kamodzi kokha, munthu angathe kuchijambula ndi foni ina.

Chithunzi chimaululanso zambiri. Mwana wavala yunifomu, waima pakhomo pao, phiri la Michiru likuoneka kumbuyo: mlendo wadziwa kale sukulu yake ndi dera lake. Foni ikafa timapita nayo kwa okonza kumsika, zithunzi zonse zili momwemo. Okonza ambiri ndi okhulupirika, komabe ana auze makolo kuti aziyamba achotsa memori khadi.

Ifenso aphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza. Pa sewero la Khrisimasi timajambula ana ndi kuwaika pa gulu la WhatsApp osafunsa makolo. Ichi si chabwino, ngakhale cholinga chikhale chokoma. Yambani mwapempha, ndipo musalembe maina a ana pansi pa chithunzi.

Ana okulirapo auzeni kuti pali lamulo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, ndiponso kujambula, kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Wongotumiza kwa anzake nayenso walakwa.

Mwina m'kalasi mwanu muli mtsikana kapena mnyamata amene chithunzi chake chinafala kale, kapena wina akumuopseza nacho. Musamutchule, musamudzudzule pagulu. Akabwera kwa inu, mverani kufikira athe, mupite naye kwa makolo ake, ndipo nkhaniyo ikafike ku polisi. Nambala 116 ndi yaulere, yothandiza ana.

Zochita

Lembani mau pa kapepala, mupatse mwana mmodzi. Auzeko awiri monong'ona, awiriwo auzenso ena. Onse akamva, muuzeni woyambayo kuti atenge mau ake aja kwa anzake, awabweze pa kapepala.