KHOMO LA YUNIVESITI: ZOYENERA KUTI MWANA ALOWEMO

Caka ndi caka, zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'midzi mwathu mumveka nthungululu zakuti mwana wakhoza. Koma ikapita miyezi, pakhomo pena pomwe analulutira pagwa cisoni, pakuti kalata yoitana mwanayo ku Yunivesiti siinafike. Makolo adabwa nati, Kodi mwana uja sanakhoze? Anakhozadi, komatu kukhoza mayeso ndi kwina, kuyenera malo pa Yunivesiti ndi kwinanso. Ambiri agulitsa ng'ombe, nshawa ndi thonje kuti mwana aphunzire, osadziwa muyeso umene adzayesedwa nao pakhomopo. Cifukwa cace m'phunziro lino tilongosola muyesowo, kuti inu makolo, ndi inu anyamata ndi asungwana, muudziwe nthawi ikalipo.

1. Kumene muyeso unacokera

Kale m'dziko lino munalibe Yunivesiti. Owerengeka amene anafuna digiri anamka kutali, ena ku Fort Hare m'dziko la South Africa, ena ku Makerere m'dziko la Uganda, ndi ena ku koleji ya ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Koleji ya ku Salisbury inatsata malamulo a Yunivesiti ya London, nifuna mayeso apamwamba a Fomu 6; koma sukulu za anthu akuda zofika pa Fomu 6, monga Munali ku Lusaka, zinali zocepa ndithu. Potero, pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, eni dziko okhala ndi digiri anali ngati 100 okha.

M'caka ca 1963 bungwe lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood linafufuza za mlandu umenewu, nililangiza kuti dziko likhale ndi Yunivesiti yace yace, yolandira ana otsiriza mayeso a School Certificate osalindira Fomu 6. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Yunivesiti ya Zambia, imene tiicha UNZA, m'caka ca 1965, ndipo maphunziro anayamba mu Malici 1966 ndi ophunzira 312. Anthu a m'midzi anasonkha ndalama, ena nkhuku ndi mbuzi, kuti imangidwe. Popeza ana analowa osapita ku Fomu 6, maphunziro a digiri anakhala a zaka zinai, caka coyamba cikhale ca maziko. Pambuyo pace zinabadwa zina: Copperbelt University ku Kitwe mu 1987, Mulungushi University ku Kabwe mu 2008, ndi zinanso za Boma ndi za eni ace.

2. Kuwerenga cikalata ca mayeso

Mayeso a Giredi 12 aayang'anira ndi bungwe la Examinations Council of Zambia, kapena ECZ. Pa cikalata, phunziro liri lonse lipatsidwa nambala yace kuyambira 1 kufikira 9, ndipo nambala yocepa ndiyo yopambana. Nambala 1 ndi 2 azicha Distinction. 3 ndi 4 Merit. 5 ndi 6 Credit. 7 ndi 8 Satisfactory. Ndipo 9 ndiko kulephera.

Apa ndi pamene ambiri asokera. Mwana wolandira 7 kapena 8 sanalephere phunzirolo, ndipo angathe kupata School Certificate ngakhale makirediti ace ali amodzi kapena awiri okha. Koma Yunivesiti ikanena za kirediti, itanthauza nambala 6 kapena yocepera pamenepo. Nambala 7, ingakhale iri pafupi ndi 6 monga cala ndi cinzace, siiwerengedwa.

3. Makirediti asanu

Lamulo loyamba la mayunivesiti a dziko lino ndi ili: wofuna kuphunzira digiri akhale ndi makirediti asanu, ndipo Cingelezi cikhale pakati pa asanuwo. Pa maphunziro ambiri afunanso kirediti ya Masamu. Cingelezi acifuna cifukwa mabuku, ziphunzitso ndi mayeso a pa Yunivesiti ziri m'cinenero cimeneco, ndipo wosacigwira bwino adzakhala ngati mlendo pa bwalo la milandu.

Tiyerekeze ana awiri. Msungwana walandira Masamu 2, Sayansi 2, Bayoloji 3, Cinyanja 1, Civic Education 3, koma Cingelezi 7. Mnyamata walandira Cingelezi 4, Masamu 5, Sayansi 5, Bayoloji 6, Cinyanja 4, Civic Education 6. Ali yense apenya kuti msungwanayo ndiye wanzeru koposa. Koma khomo lamtsekera, pakuti alibe kirediti ya Cingelezi, pamene mnyamatayo ali ndi ufulu wa kupempha malo. Phunziro limodzi lopeputsidwa lingagwetse nchito ya zaka khumi ndi ziwiri.

4. Mapointi ndi mpikisano

Koma mnyamata uja asafulumire kugula cikwama ca ulendo. Makirediti asanu angomlola kuima pa mzere, samlonjeza malo. Opempha malo pa mayunivesiti a Boma acuruka koposa mipando, ndipo akuru asankha mwa kuwerenga mapointi. Aphatikiza manambala a maphunziro amene mwana anakhoza koposa, ndipo wa ciwerengero cocepa ndiye ayamba kutengedwa. Wolandira 1 m'maphunziro asanu ndi limodzi ali ndi mapointi 6, ndiwo amene mumva anthu akuwatama. Pa kuwerenga kotere, mnyamata wathu ali ndi mapointi 30. Ndipo pa maphunziro olimbiranidwa, monga udokotala, uinjiniya ndi malamulo, mipando idzatha dzina lace lisanafikidwe.

Malire a mapointi sakhala amodzimodzi caka ndi caka. Ayenda monga mtengo wa cimanga pa msika, molingana ndi kucuruka kwa opempha ndi makhozedwe ao. Tsono musadalire mau akuti, Mwana wa uje analowa ndi mapointi akuti caka catha. Ndiponso podzaza fomu, mwana asalembe maphunziro olimbiranidwa okha okha. Alembeponso lina limene mapointi ace angalifikire.

5. Phunziro liri lonse ndi khomo lace

Yunivesiti iri ngati mudzi waukuru wa malimana ambiri, ndipo limana liri lonse liri ndi zofuna zace. Wofuna za udokotala, za mankhwala, za uinjiniya, za migodi kapena za ulimi ayenera kukhala ndi makirediti a Masamu ndi maphunziro a sayansi. Wofuna za cuma ndi za malonda sangathawe Masamu. Pa UNZA wakhala mwambo wa zaka zambiri kuti ofuna udokotala ndi uinjiniya ayambe caka cimodzi m'cigawo ca Natural Sciences, ndipo asankhidwanso kaciwiri monga mwa makhozedwe ao a caka cimeneco. Wolowa asayese kuti nkhondo yatha.

Akuru anati, M'mera mpoyamba. Nkhani ya Yunivesiti siiyamba pa Giredi 12, koma pa tsiku lija mwana apatsidwa maphunziro ace ku sekondale. Inu makolo, pitani kwa aphunzitsi oyang'anira za uphungu, mukafunse maphunziro amene mwana wanu atenga, ndi makomo amene maphunzirowo adzatsegula. Mwana wofuna udokotala, koma ali m'kalasi losaphunzira sayansi mokwanira, adziwitsidwe msanga, kusintha kukali kotheka.

6. Amene aperewera acitenji?

Kuperewera pa ulendo woyamba sindiko kutha kwa njira. ECZ ilembetsa caka ndi caka mayeso a GCE, a iwo amene anacoka kale pa sukulu. Msungwana uja ayenera kubwereza Cingelezi cokha, osati maphunziro onse. Koma afunsiretu ku Yunivesiti imene aifuna ngati ilola kuphatikiza zotsatira za mayeso awiri pa phunziro limene iye alifuna, pakuti malamulo asiyana. Safunsa anadya phula.

Njira yina ndiyo ya koleji. Ambiri ayamba ndi dipuloma ya uphunzitsi, unamwino kapena ulimi, nagwira nchito, ndipo pambuyo pace alowa pa Yunivesiti ndi dipuloma yomweyo. Ena aphunzira ali kwao mwa maphunziro a kutali. Koma dziwani kuti makoleji ambiri afunanso makirediti asanu omwe aja. Ofuna digiri ya uphunzitsi akumbukire Chalimbana ku Chongwe, Kwame Nkrumah ku Kabwe ndi Mukuba ku Kitwe. Ofuna za cipatala akumbukire Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka. UNZA si khomo lokha ai.

Za ana akazi tinenapo mau awa. Kuyambira 1997 lamulo la Boma lilola msungwana amene anatenga pathupi ali pa sukulu kubwereranso atabala. Musamkwatitse mwana wotere monga ngati maphunziro ace afa. Mayeso salemba za dzulo lace, alemba za zimene adziwa.

7. Mapepala, ndalama ndi macenjezo

Wopempha malo afunika zotsatira zace zocokera ku ECZ, reji yace, imene munthu aitenga akakwana zaka 16, ndi ndalama ya fomu yolipiridwa ku banki monga Yunivesiti yalamulira. Masiku ano mafomu ambiri adzazidwa pa intaneti. Penyetsetsani kuti maina a pa reji alingane ndi a pa cikalata ca mayeso, pakuti cilembo cimodzi cosiyana cingacedwetse mwana caka cathunthu. Sungani tsiku lotsekera. Fomu yocedwa siiwerengedwa.

Kalata ya malo siidza pamodzi ndi ndalama. Kuyambira 2022 maphunziro a pa sukulu za Boma ndi aulere kufikira kumapeto kwa sekondale, koma a pa Yunivesiti ndi olipira. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, likongoza ophunzira a pa mayunivesiti a Boma. Thandizo limenelo alipempha padera, si onse alilandira, ndipo ndi ngongole yobweza, si mphatso.

Cenjerani ndi zinthu zitatu. Coyamba, mapepala a mayeso obedwa: wogwidwa nao afafanizidwa zotsatira zace, ndipo mu 2018 Boma linaimika mayeso m'dziko lonse cifukwa ca kuba kotere, osalakwa nasauka pamodzi ndi olakwa. Caciwiri, munthu wonena kuti, Ndipatseni ndalama ndimpezere mwana wanu malo. Malo sagulidwa pa njira, ndipo cikalata conyenga cidziwika pocitsimikiza ku ECZ. Cacitatu, yunivesiti yosalembedwa: musanalipire ngwee imodzi, funsani ngati bungwe la Higher Education Authority lizindikira sukuluyo ndi phunziro lomwe mwana alifuna, kuti angatuluke ndi pepala lopanda nchito.

8. Kusintha kumene kwayamba

M'caka ca 2025 Boma linayamba dongosolo latsopano la sukulu: pulaimale kufikira Giredi 6, ndipo sekondale kuyambira Fomu 1 kufikira Fomu 4, ndi Fomu 5 ndi 6 ya maphunziro apamwamba. Ana amene anayamba kale m'dongosolo la magiredi atsiriza momwemo. Koma inu amene ana anu ali m'mafomu atsopano, cherani khutu ku zolengeza za Unduna wa Maphunziro ndi za mayunivesiti, pakuti Fomu 6, imene makolo athu anaiyika pambali m'zaka za ufulu, yabweranso.

Mafunso okambirana pakhomo

(a) Kodi nambala yotsiriza yowerengedwa kirediti ndi iti?
(b) Cifukwa ninji msungwana wa m'citsanzo sanathe kupempha malo, ndipo acitenji tsopano?
(c) Kodi makirediti asanu ndi mapointi zisiyana bwanji?
(d) Kodi mwana wanu atenga maphunziro ati caka cino, ndipo mwalankhula liti ndi aphunzitsi ace?