Homer ndi Horace Kunkhondo: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mabuku a Agiriki ndi Aroma, olembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, analowa bwanji m'nkhondo za masiku ano?

Analowera kusukulu. Isanafike 1914, ana a anthu opeza bwino ku Ulaya ankakula akuloweza ndakatulo za Homer, Virgil ndi Horace. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka, anyamata omwewa ndiwo anapatsidwa maudindo otsogolera asilikali. Ambiri anali asanamvepo kulira kwa mzinga. Nkhondo imene ankaidziwa inali ya m'mabuku, ya ngwazi zolimbana maso ndi maso.

Zimenezi zinaonekera kwambiri kuti?

Ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, mu 1915. Malowa ali tsidya lina la mpata wa nyanja wa Dardanelles, kufupi ndi mabwinja a mzinda wa Troy umene Homer anausimba mu Iliad. Ina mwa sitima zankhondo za Britain kumeneko inali HMS Agamemnon, dzina la mfumu yomwe inatsogolera Agiriki pokathira nkhondo Troy. Mlakatuli Rupert Brooke ananyamuka mtima uli dyokodyoko poganiza kuti akaponda dziko la ngwazi zakale. Sanafikeko. Anamwalira ndi matenda pa 23 Epulo 1915 ndipo anaikidwa pachilumba cha Skyros.

Kodi atsogoleri anagwiritsa ntchito mabukuwa pokopa anthu?

Kwambiri. Mu 1915 mabasi a mu London ananyamula mawu ochokera m'zimene Pericles analankhula pamaliro a asilikali a ku Athens. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pa 30 Januwale 1943, asilikali a Germany akutha ndi njala ndi chisanu ku Stalingrad, Hermann Göring, mmodzi wa atsogoleri awo, anawafanizira ndi amuna 300 a ku Sparta amene anafera ku Thermopylae. Mawu okomawo anali ophimba kulephera kwa atsogoleri, pakuti patangopita masiku ochepa otsalawo anagonja.

Nanga alipo amene anatsutsa zimenezi?

Alipo, ndipo anatsutsa ndi mabuku omwewo. Horace anatamanda munthu wofera dziko lake. Msilikali Wilfred Owen analemba mu 1917 ndakatulo ya munthu wobanika ndi mpweya wapoizoni, yoonetsa kuti chitamando chotere n'chinyengo chonamizira ana. Iye anaphedwa pa 4 Novembala 1918, kutatsala sabata imodzi kuti nkhondo ithe. France itagwa mu 1940, Simone Weil anafalitsa nkhani yofotokoza kuti Iliad imaonetsa mmene chiwawa chimachotsera umunthu kwa wophedwa ndi wopha yemwe. Mu 1944 sewero la Jean Anouilh la Antigone, mtsikana wokana lamulo la mfumu, linaonetsedwa ku Paris mzindawo uli m'manja mwa Germany.

Kodi mabukuwa anayamba agwirizanitsapo adani?

Mu Epulo 1944, pachilumba cha Crete, Patrick Leigh Fermor wa ku Britain ndi anzake anagwira mkulu wa asilikali a Germany, Heinrich Kreipe, n'kumuyendetsa m'mapiri. M'mawa wina Kreipe, akuyang'ana chipale chofewa pamwamba pa phiri la Ida, anayamba kulakatula chapansipansi ndakatulo ya Horace m'Chilatini. Leigh Fermor anailandira n'kuimaliza yonse pamtima. Anayang'anana, atazindikira kuti anamwa pachitsime chimodzi. Komabe Kreipe anakhalabe mkaidi.

Lero mabukuwa akugwira ntchito yanji?

Yochiritsa mabala a mumtima. Dokotala Jonathan Shay, amene ankathandiza asilikali obwera ku Vietnam, anaona kuti mkwiyo ndi chisoni chawo n'zofanana ndi za Achilles, ngwazi ya mu Iliad, mnzake Patroclus ataphedwa, ndipo anatulutsa buku la Achilles in Vietnam mu 1994. Mu 2013 amayi othawa nkhondo ku Syria anachita ku Amman sewero la Euripides la akazi a ku Troy, akuphatikizamo nkhani zawo za amuna ndi nyumba zomwe anataya.

Ndiye mabukuwa amalimbikitsa nkhondo kapena amaidzudzula?

Wofuna nkhondo amatapamo mzere umodzi n'kubisa zina zonse. Wowerenga Iliad yonse amakumana ndi Priam, mfumu yokalamba ya Troy, akugwadira Achilles amene anapha mwana wake kuti apatsidwe mtembo. Iliad imathera pamaliro. Mtsogoleri akatchula ngwazi zakale poitanira achinyamata kunkhondo, tsegulani buku lenilenilo muwerenge mpaka kumapeto musanamuombere m'manja.