Mwana Amaseŵera Pamene Anansi Akhulupirirana

Amayi, mukabwera kusikelo timayesa kulemera kwa mwana, timampatsa katemera, ndiponso timakambirana za phala. Lero tikambe za chinthu chimene sikelo singathe kuyesa. Kodi mwana wanu amaseŵera kuti, ndipo amaseŵera ndi yani?

Thupi la mwana limakhwima ndi kuyendayenda. M'chaka cha 2019 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lidalangiza kuti mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka zinayi aziseŵera kwa mphindi 180 pa tsiku, ndiwo maola atatu, pang'onopang'ono tsiku lonse. Khanda losayamba kukwaŵa muziligoneka chafufumimba lili maso, inu mukuyang'anira, kwa mphindi 30 pa tsiku. Lidalangizanso kuti mwana asamangike malo amodzi kupitirira ola limodzi, ngakhale kumsana kwa amake. Kubereka mwana nkwabwino ndipo sitikuletsani, koma miyendo yake siingalimbe ali mu mbereko.

Nanga maola atatuwo muwapeza kuti, inu amene muyenera kutunga madzi, kusinja, kuphika ndi kupita kumunda? Mayi payekha sangathe. Mwana amaseŵera pamene pali ana anzake, ndipo mayi amamlola kupita kumeneko pokhapokha ngati akhulupirira makolo a anawo.

Pa ntchito yanga yoyendera zitsime ndi zimbudzi ndidafika pa mudzi wina pamene mabanja aŵiri oyandikana adasiya kulankhulana chifukwa cha mbuzi zimene zidadya chimanga. Mlandu udatha kwa amfumu, koma chidani chidatsala. Kamtsikana ka zaka ziŵiri ka banja limodzi kankakhala kumsana kuyambira m'maŵa mpaka kuloŵa kwa dzuŵa, ana a banja linalo akuchita masanje kuseli kwa nkhokwe pomwepo. Amake adandiuza kuti ankaopa kuti angakadyetse kanthu. Pa khadi kulemera kwake kunali bwino ndithu, koma akakatsitsa pansi kankangogwira chitenje cha amake nkumalira. Mbuzi zija zidagulitsidwa kalekale, koma mwana ndiye ankalipirabe mlanduwo.

M'matauni, monga ku Ndirande kapena ku Kawale, vuto ndi lina. Anthu a lendi amasamuka kaŵirikaŵiri, kotero mwina simudziŵa ndi dzina lomwe la woyandikana naye. Poopa njinga zamoto ndi anthu achilendo, mayi amatsekera mwana m'nyumba nkumpatsa foni. Mantha ameneŵa ngomveka, koma mwana wosakwana zaka ziŵiri sayenera kuonerera foni kapena kanema, ndipo wa zaka ziŵiri kufikira zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Nkhaniyi ikukhudza inu nomwe. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti m'Malaŵi muno pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi nthenda yothamanga magazi. Munthu wamkulu afunika kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Wolima ndi wosinja amazikwanitsa osadziŵa, koma wokhala pa benchi kugulitsa tomato tsiku lonse ayi. Tsono chimtali sichivinika ndi munthu mmodzi, ntchemberembaye ifuna anzanu, ndipo ulendo wa kuchigayo umafupika mukakhala aŵiri. Mayi wodzipatula amangokhala pakhomo, thupi nkumalemera. Ngati muli ndi pakati yendani ndithu, koma mukaona magazi, chizungulire kapena kupweteka m'mimba, lekani ndipo fulumirani kuchipatala.

Yambani lero lomwe pa mzere wa sikelo uno. Funsani mayi amene mwakhala naye pafupi kumene amachokera. Mukafika kwanu, panganani ndi amayi aŵiri kapena atatu kuti muzisinthana kuyang'anira ana: wina lero, wina maŵa. Musanawatulutse, yenderani limodzi malo oseŵererawo. Vundikirani chitsime, kwirirani maenje a madzi, tolani mabotolo osweka, ndipo moto ndi mankhwala a mbewu zikhale kutali. Woyang'anira akhale munthu wamkulu, osati mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene naye afuna kuseŵera fulaye. Mwana akatsegula m'mimba, akatentha thupi kapena akatuluka zidzolo, uzani anzanuwo mosabisa, musamsakanize ndi ena, ndipo bwerani naye kuchipatala tsiku lomwelo.