Tisanagule Servo, Tiyambe Tawerengera Katundu

Ambiri a ife tikafuna kupanga kaloboti kathu (osati maloboti a pamphambano aja), timathamangira kufunsa kuti tigule Arduino kapena ESP32. Koma funso loyamba ndi ili: kodi mkono wa kalobotiko udzanyamula chiyani?

Servo ndi kamota ka magiya kamene kamatembenuka n'kuima pomwe takauza, kawirikawiri pakati pa madigiri 0 ndi 180. Mphamvu yake yopotokola imalembedwa mu kg·cm, ndipo masamu ake ndi a ku pulayimale: kulemera kwa katundu kuchulukitsa ndi kutalika kwa mkono. Mkono wa masentimita 10 wonyamula magalamu 200 ukufuna 2 kg·cm, osawerengera kulemera kwa mkonowo. SG90, kabuluu kotchipa kolemera magalamu 9, kamalekera pafupifupi pa 1.8 kg·cm, ndipo pamenepo ndi pomwe kamaimiratu. Tikakakamiza kamangolira, kutentha, mpaka mano a magiya ake apulasitiki kudyeka. Ife timaona kuti ndi bwino kusankha servo yamphamvu kuwirikiza kawiri zomwe tawerengera. Paphewa tiike MG996R ya magiya achitsulo, imene imafika pa 9 mpaka 11 kg·cm. SG90 igwire ntchito ya zala.

Chotsatira ndi magetsi, ndipo apa mpomwe ndalama zimawonongekera. Arduino Uno yolumikizidwa ku kompyuta ndi USB imalandira pafupifupi 500 mA, pomwe MG996R imodzi ikakakamira imatha kukoka 2.5 A. Tikaidyetsa kuchokera pa Arduino, bodi imazima n'kuyakanso yokha, ife n'kumaimba mlandu pulogalamu yosalakwa. Maservo akhale ndi magetsi awoawo a 5V mpaka 6V. Waya wofiira apite kumeneko, wa olenji apite ku Arduino, ndipo GND ya mbali zonse ziwiri ilumikizidwe. Tikaiwala GND, servo imangonjenjemera.

Bodi ibwere pomaliza, popeza ntchito yake ndi yopepuka: kutumiza kachizindikiro ka 1 mpaka 2 ms pa 20 ms iliyonse. Uno imatha kulamula maservo mpaka 12. Akachuluka, tiwonjezere PCA9685, yoyendetsa maservo 16 kudzera pa mawaya awiri a I2C. ESP32 tiigule pokhapokha ngati tikufuna kuyendetsa kalobotiko ndi foni, chifukwa ili ndi Wi-Fi ndi Bluetooth kale.